Jamu wa Nzimbe wa Amalume a Layisoni

Amalume a Layisoni tawaika sabata yatha kuno ku Hauna, pamalo pamene iwo sankapafuna. Ndayambira pamenepa chifukwa ndi pamene pakundiwawa. Malo awo anali atasankha kalekale ku manda a pa esiteti ya tiyi, pambali pa akazi awo aNangozo, ndipo kuti wina asawalande anawazunguliza ndi mabotolo a jamu okwirira chozondoka, kukamwa pansi. Ankapita kukapalirapo ngati ndi munda. Ife tinkawaseka kuti m'chigwa chonse cha Honde ndi iwo okha amene amayala pogona tulo tisanabwere, iwo n'kumangoti sekani, koma tsiku lake musadzasokoneze.

Anali alongo awo a mayi anga. Anachoka ku Mulanje ali mnyamata, wapansi, kudzera ku Mozambiki, atamva kuti tiyi wa kuno amalipira bwino kuposa wa kwawo. Sanathyole tiyi nthawi yaitali, chifukwa dona wa kunyumba yaikulu ankafuna wotsuka mbale, ndipo pamene ine ndinkayamba kuzindikira zinthu iwo anali kale khukhi wa jekete yoyera, woyenda pa komboni ngati anaimanga ndi iwo. Ana awo awiri anamwalira ali aang'ono. Kumudzi ankati adzapita chaka chamawa, chaka chamawa, mpaka amene akadawalandira anatha onse. Munda analibe. Chimene anali nacho ndi chipinda chimodzi chakumapeto kwa mzere, mtengo wa mabulosi umene aNangozo anadzala kuseri kwake, ndi malo a mabotolo aja.

Pa esiteti lamulo lake n'lodziwika. Nyumba imayendera limodzi ndi ntchito, ndipo manda amayendera limodzi ndi nyumba. Ukapuma pa ntchito umapereka kiyi, ndipo wotuluka pa komboni watulukanso kumanda. Amalume atapuma, bwana wa nthawi imeneyo anawasiya m'chipinda chawo pa mgwirizano wa pakamwa, wakuti chaka chilichonse mabulosi akapsa aziphika jamu wa kunyumba yaikulu. Mabwana anasinthasintha, azungu anapita, kunabwera akuda anzathu, koma aliyense ankaupeza mgwirizanowo mmene ankapezera mipando ya m'nyumbamo, n'kuusiya momwemo. Shuga ankatsika pa wilibala, mabotolo odzaza ankakwera. Jamu ndiye ankawasunga amalume pa komboni, ndipo iwo ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense.

N'chifukwa chake pa nkhani ya jamu analibe chibwana. Jamu wa chipatso chimodzi ankati ndi wa anthu aulesi. Wawo ankasakaniza mabulosi a mtengo wa aNangozo, masitiroberi a m'dimba la kunyumba yaikulu, maguzubeli achikasu aja okhala m'kathumba kouma, ndi tizipatso ta minga tomera m'mphepete mwa minda ya tiyi, timene iwo okha ankatitchula dzina la kwawo loti nkandankhuku. Mabulosi ankati ndi okoma mtima koma ofooka, sangaime okha. Chimene chimalimbitsa jamu ndi zowawasa zija, pamodzi ndi njere za mandimu zomanga m'kansalu n'kuziponya mu poto. Shuga ankamuyeza pa sikelo kuti alemere mofanana ndi zipatso. Akayamba kuphika sankayankha moni. Ankaima pa mafuwa kuseri kwa nyumba, kuvundula ndi mthiko wautali, kuyengula thovu, kenako n'kudontheza pang'ono pa sosala yoviika m'madzi ozizira. Akakankha dontholo ndi chala n'kuchita makwinya, ndiye kuti jamu wapsa. Pamenepo m'pamene ankatembenuka n'kuyankha moni wa munthu amene anadutsa kalekale.

Mthiko umenewo unatsala pang'ono kuthetsa banja. Tsiku lina aNangozo anauzula pamsomali n'kuvundulira matemba chifukwa wawo unali utathyoka. Amalume anaununkhiza, nauwiritsa, naukwecha ndi mchenga, naununkhizanso, kenako anapita kukasema wina. Nkhaniyo inatenga nyengo yonse ya mvula. ANangozo ankauza amayi pa mpopi kuti iwo ali pa mitala, mkazi wamkulu ndi mthiko, wachiwiri ndi poto, iwo ndi wachitatu wongosesa pakhomo. Potoyo nayonso inali ndi milandu yake. Inali yaikulu, yokhuthala pansi, ndipo amayi a mvano ankaifuna pa maliro aliwonse, koma amalume ankakana poyera, osanyengerera n'komwe. Ankati poto ya jamu ikalawa mchere ndi mafuta basi yatha ntchito. Tsiku limene aNangozo anamwalira, anainyamula okha pamutu n'kukaitula pamene amayi ankaphikira. Amayiwo anayang'anana, ndipo anangotenthetseramo madzi.

Ana a pa komboni ankawaopa ndi kuwakonda nthawi imodzi. Mabulosi akayamba kuda, amalume ankakhala pansi pa mtengo ndi kandodo, ndipo mwana wopezeka ndi milomo yofiirira ankaperekezedwa mpaka kwa amake. Koma tsiku lophika ana omwewo ankandanda ndi masamba a nthochi m'manja, chifukwa thovu lonse loyengula linali lawo. Ankawaitana kuti Sekuru, ndiye kuti agogo mwa Chishona, poti ambiri Chichewa chinali chitawapulumuka. Ine ndinalakwitsapo kamodzi, n'kuwabweretsera jamu wofiira wa m'sitolo ngati mphatso. Anamuunika padzuwa nthawi yaitali, kenako n'kundifunsa mwaulemu kuti mtengo wobala zimenezi umamera kuti.

Munthu yekha amene ankatha kuwauza chilichonse anali a Zuze, mlonda wa ku fakitale, wochokera chakuno kwa Tete. Awiriwa ankakangana tsiku lililonse, za mpira, za mvula, za kuti Apwitikizi ndi Angerezi oipa kwambiri anali ati. A Zuze ankati mwamuna wamkulu sangathere moyo wake pa zinthu zopaka pa buledi, koma ndiwo ankabwera oyamba ndi kabotolo kawo m'thumba. Kwathu uthenga wolemera supita kwa munthu wamkulu kudzera pakamwa pa mwana. Umanyamulidwa ndi wa msinkhu wake, amene angakhale naye pansi, n'kuzungulira, n'kuutula pang'onopang'ono. Imfa ya mayi awo ku Mulanje amalume anaimva kwa a Zuze. Kuti aNangozo sadzukanso anamvanso kwa a Zuze. Ndiye a Zuze anamwalira m'nyengo yozizira ya 2008, ndipo palibe amene anaganiza kuti chimene chatayika si mlonda yekha.

Chaka chimenecho amene anachiona safuna kuchikumbutsidwa. M'masitolo a ku Hauna munali mashelefu okhaokha. Ndalama imene unkalandira m'mawa pofika madzulo inali mapepala. Tinkadya nthochi zosapsa zophika ndi madumbe, ndipo tsiku limene m'nyumba mwapezeka ufa tinkatseka chitseko. Othyola tiyi anathawa, ena ku Mozambiki, ena kokumba golide, ndipo tiyi anakula mpaka kufika m'chifuwa. Bwana wa esiteti naye ananyamuka ndi banja lake kupita ku Joni, pamalo pake n'kutsala mnyamata wa ku fakitale wongogwirizira. Amalume atamva anangopukusa mutu. Anati mabwana aona ambiri, amabwera n'kupita, koma palibe amene anakanapo jamu.

Ine ndimagulitsa nthochi pa msika wa Hauna, ndipo ndi pamenepo pamene anandipeza Josamu, kapitawo wa komboni, wobadwira pa esiteti pomwepo kwa bambo a ku Thyolo. Anagula nthochi zimene sankazifuna, nazungulirazungulira, kenako ananena. Akuluakulu a kampani analamula kuti mvula isanagwe chipinda chilichonse chikhale ndi wothyola tiyi, chifukwa esiteti inalibe china chokopera anthu kupatula nyumba ndi kaufa. Onse opuma pa ntchito atuluke. Ndinamufunsa ngati akudziwa kuti kutulutsa amalume n'kuwachotsanso pambali pa aNangozo. Anati akudziwa.

"Mai Tendai, muwauze ndinu," anatero. "Zvakaoma, n'zovuta. Ine ndadya thovu la Sekuru pa tsamba. Ndikayambira pati?"

Nanga ine ndikadayambira pati? Mwana wa mlongo wawo, munthu amene anandinyamulapo pamapewa, ndikaime pakhomo pawo n'kunena kuti longedzani? Ndinathamangira kwa mkulu wa mpingo, yekhayo wotsala wa imvi zofanana ndi zawo, koma anali atawoloka malire kukasaka chimanga ndipo akazi awo sankadziwa tsiku lobwera. Tinagwirizana zomudikira. Komboni yonse inkadziwa, amayi a pa mpopi ankadziwa, ndipo aliyense akakumana ndi amalume ankapereka moni wautali kuposa kale n'kudutsa msanga.

Mabulosi sanadikire. Anada monga mwa nthawi zonse, koma wilibala sinatsike. Amalume anatuma mawu kumtunda, yankho n'kubwera loti shuga kulibe, ngakhale wa mu tiyi wa bwana. Anatuma munthu ku Ruda, anafunsitsa kwa amayi oyenda ku Mozambiki, koma shuga amene ankapezeka ankagulitsidwa pa supuni, wa odwala. Ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo, kandodo kali pambali, ana ali m'nthambi akudya ngati mbalame. Ana amenewo anali asanadye kanthu chiyambire dzulo lake ndipo amalume ankaona okha. Anangowauza kuti nthambi za m'munsi ndi zawo, za m'mwamba asiyire aNangozo, ndipo ana anamvera.

Kenako anatulukira za nzimbe. Anati shuga si mankhwala a azungu, ndi madzi a nzimbe owuma basi, ndipo ngati fakitale yalephera iwo sanalephere. Anatenga nsapato zawo zakuda za ukhukhi ndi bulangete limodzi n'kukasinthanitsa ndi mitolo ya nzimbe kwa mlimi wina wa ku Samanga. Ntchito yake inali yoswa msana. Kusenda, kudula tizidutswa, kusinja mu mtondo, kufinya pa nsalu, ndipo mtolo wathunthu unkatulutsa madzi osadzaza ndowa. Madziwo ankawawiritsa kuyambira m'mawa mpaka atatsala pansi pa poto, olemera ngati uchi. Mikono yawo inali itatha, moti musi unkawatsogolera. Ndinatseka benchi yanga ku msika n'kupita kukasinja nawo. Mkazi wa Josamu anabwera ndi musi wake, ena anabweretsa nkhuni, ndipo tonse tinkasinja mitu ili pansi. Sindinaonepo anthu akugwira ntchito mwakhama chotero pa chinthu chimene akudziwa kuti sichipulumutsa munthu.

Masitiroberi kunalibe, dimba la kunyumba yaikulu linali litauma poti wothirira anathawa. Zimenezo zinawadandaulitsa kwambiri amalume, ankati bwana watsopanoyo adzaganiza kuti iwo ndi wakuba. Nkandankhuku anakathyola okha, n'kubwera mikono ili magazi okhaokha. Sikelo inalibe ntchito tsiku limenelo, chifukwa madzi a nzimbe sankadziwa kuti awayeza bwanji, ndipo ndinawaona koyamba akuphika mongoganizira, milomo ikuyenda ngati akupemphera. Jamu anachedwa. Dontho loyamba pa sosala linayenderera, lachiwiri chimodzimodzi. Anawonjezera mandimu, nasonkhezera moto, ndipo dzuwa litapendeka anakankha ndi chala dontho lakuda bii, n'kuchita makwinya. Anaseka mokweza, koyamba chimwalirire a Zuze, n'kundionetsa sosalayo pafupi ndi mphuno. Pa zonse zimene ndinaona chaka chimenecho, kuseka kumeneko ndi kumene kunandipweteka kwambiri.

Anathira m'mabotolo owiritsa, natseka pamwamba ndi phula la timakandulo totsala ku tchalitchi. M'mawa mwake anavala jekete yoyera imene tsopano inkawalendewera, ndi patapata poti nsapato zinapita ku nzimbe. Ine ndinasenza dengu. Njira ya kunyumba yaikulu ndi chitunda chokhachokha, ndipo tinkaima pafupipafupi kuti apume. Paliponse pamene tinaima ndinkafuna kuwauza za lamulo lija, koma ndinkalephera. Iwo ankangonena za chaka chamawa, kuti adzapempha mbewu ya masitiroberi adzadzale okha kuseri kwa chipinda.

Bwana wogwirizirayo anatilandira pa khonde la kukhitchini. Anali mnyamata waulemu, wowonda ngati ife tomwe, ndipo anawomba m'manja mwa Chishona asanalandire dengu. Amalume anatsegula botolo limodzi n'kumupatsa supuni. Mnyamatayo analawa, natseka maso, n'kunena kuti chinthu chokoma chotere sanachilawe chaka chonse. Kenako anaseka mwamanyazi n'kuti vuto ndi lakuti buledi sanamuone miyezi ingapo, mwina azidya ndi supuni yomweyo. Amalume anayamba kufotokoza za masitiroberi, kupepesa, ndi kulonjeza za chaka chamawa. Mnyamatayo anandiyang'ana ine, nayang'ana iwo, ndipo nkhope yake inagwa. Iye ankaganiza kuti jamuyo ndi wotsanzikira.

"Sekuru, kodi sanakuuzeni?"

Ananena mwachidule, mwa Chishona, maso ali pa dengu. Anati si iye, lamulo lachokera kutali, ndipo iye mwini sakudziwa ngati mwezi wamawa adzakhala ali pa ntchito. Amalume anamvetsera mpaka kumapeto. Anafunsa funso limodzi lokha, la manda, ndipo mnyamatayo anati zimenezo sangalonjeze. Atatero amalume anatembenukira kwa ine.

"Make Tendai, mumadziwa?"

"Eya, amalume."

"Nanga nzimbe zija munkasinjiranji?"

"Ndikadatani, amalume?"

Ndinkayembekezera kuti andikalipira monga ankachitira ndi aNangozo pa nkhani ya mthiko, ndipo zikadandipepukira. Koma anangotseka botolo lija bwinobwino n'kulibwezera mu dengu. Anati zoona, akadakhalapo a Zuze bwenzi zitayenda mwa dongosolo lake. Mnyamata uja anawapempha kuti atengeko mabotolo ena akasinthanitse ndi ufa, koma anakana. Anati jamu wa kunyumba yaikulu sabwerera ku komboni.

Anasamuka mvula yoyamba isanagwe. Katundu wawo anakwana pa wilibala yomwe ija inkatsitsa shuga, ndipo woikankha anali Josamu, akulira ngati mwana njira yonse mpaka pamsewu. Kwanga ku Hauna ndi chipinda cha lendi kuseri kwa masitolo, chopanda mtengo ngakhale umodzi. Amalume ankakhala pa khonde kuyang'ana kumapiri, ndipo aliyense wochokera ku esiteti ankamufunsa ngati wadutsa ku manda, ngati mabotolo alipo, ngati ng'ombe sizinapondepo. Kukangana anasiya. Ndinkayesa kuwaputa dala, kuwauza kuti jamu wa m'sitolo ndi wabwino kuposa wawo, iwo n'kungovomera kuti mwina n'zoona.

Chaka chino zinthu zabwerera m'masitolo, zogula ndi ndalama zakunja. Shuga wadzaza mpaka kudenga ngati sanasowepo. Mabulosi atayamba kuda mwezi watha ndinagula paketi, ndinapempha zipatso kwa mayi wina wa ku Ruda, ndinatsuka poto ija n'kuika zonse patsogolo pawo. Anaisisita paketiyo, naikweza m'dzanja ngati akuyeza kulemera kwake, kenako n'kuibweza kwa ine. Anandifunsa kuti jamu ameneyo akhala wa ndani.

Atamwalira tinayesa. Mwamuna wanga anakwera kombi yoyamba kupita ku esiteti kukapempha malo aja. Anapeza kuti mnyamata waulemu uja anachoka kale, bwana watsopano ali ku Mutare, ndipo Josamu anati iye payekha sangatsegule manda kwa munthu wosakhala pa komboni. Anayesa foni, sinagwire. Kutentha kwa mwezi uno maliro sadikira, ndipo anthu anali atasonkhana kale. Tinawaika kuno, pakati pa anthu amene sankawadziwa, atavala jekete yawo yoyera.

Dzulo ndinapita ku esiteti kukawauza aNangozo, poti mwambo umafuna kuti mnzake wa munthu amve. Ndinayamba ndadutsa pa chipinda chija. Mulibe munthu. Othyola tiyi amene anaikidwamo sanathe n'komwe nyengo imodzi, anapita kokumba golide, ndipo chichokereni palibe amene analowamo. Chitseko wina anazula. Msomali wa mthiko ukadali pakhoma, mafuwa akadali kuseri, ndipo pansi pa mtengo pali bii ndi mabulosi ogwa okha, ntchentche zili ng'waa. Ana sakwera, akuti mabulosi ndi chakudya cha chaka cha njala.

Ku manda ndinagwada pa aNangozo n'kunena zimene ndinabwerera, kuti amuna awo anapita ndipo sabwera kudzagona pano. Ndinanena ndekha, mwana, chifukwa wamkulu woti anene kulibe. Pambali pawo mabotolo onse alipo, ozondoka mmene anawasiyira, palibe limene lasweka. Pakati pake pamera udzu wofika m'maondo, wouma. Khasu ndinalibe, ndiye ndinauzula ndi manja mpaka malo onse anayera, ngakhale sindikudziwa kuti ndikupalirira ndani.